Kosi ya Madalo ndi Mbale ya Apongozi Ake

Anthu a m'tauni amakonda kunena kuti kusankha ndi ufulu. Amene amanena zimenezi sanakhalepo ndi apongozi odwala shuga kuseri kwa mpanda. Madalo Chimbalanga, mlangizi wa zaumoyo wa ku Kaporo, anapatsidwa ufulu woterewu atapitirira kale zaka makumi anayi, ndipo unamulemera kuposa mtolo wa nkhuni zaziwisi. Yunivesite imene ankaphunzirako digiri ya kadyedwe koyenera inalengeza kuti ophunzira a chaka chomaliza asankhe okha kosi imodzi mwa ziwiri, sabata isanathe. Yoyamba inali ya zakudya za odwala: shuga, kuthamanga kwa magazi, impso. Yachiwiri inali ya kasungidwe ndi kayezedwe ka mbewu: chinyontho, chuku, anankafumbwe. Zonse zinkaphunzitsidwa pa nthawi imodzi m'zipinda zosiyana, kotero kuti munthu sakanatha kulowa konse kuwiri. Ndipo kosi imene wasankhayo ndi imene inkanena kumene ukaphunzire ntchito, mwinanso kumene ukakalambire.

Madalo ankafuna ya mbewu. Banja lonse la kwa mwamuna wake linali litamusankhira kale ya odwala.

Iye sanabadwire ku Karonga. Kwawo ndi ku Dowa, kumene mpunga ankauona pa Khirisimasi ndi pa ukwati basi. Atamaliza sekondale analembedwa ntchito ya zaumoyo, ndipo boma, limene silifunsa munthu ngati amadziwa kusambira, linamutumiza ku Kaporo. Anatsika basi ali ndi chikwama chimodzi ndi Chichewa chake, chimene anthu ankachimva bwinobwino koma ankachiyankha m'Chinkhonde kuti aone ngati mlendoyo alimba. Analimba. M'miyezi yochepa anali atadziwa kupereka moni, kutsutsa mtengo wa nsomba, ndi kukalipira mayi amene wajomba kusikelo, zonsezi m'chilankhulo cha eni dera.

Ntchito ya mlangizi wa zaumoyo imalembedwa mwachidule pa pepala la boma, koma pa njinga imatalika. Madalo anapachika ana pa sikelo pansi pa mitengo ya mango mpaka ana amene anawapachika poyamba anayamba kubweretsa awo. Anabaya katemera, anathira mankhwala m'zitsime mitsinje ikasefukira, anawerengera amayi magulu a zakudya m'midzi imene magulu onsewo ankathera pa mpunga ndi mchere. Nthawi ya dzinja njinga sinkamunyamula iye. Iye ndiye ankainyamula. Ana ena amene anawapeza atatupa miyendo ananenepa ndi chiponde, nakula, ndipo lero amamudutsa pa njinga zamoto osamuzindikira. Ena anakawaperekeza kumanda. Sanadane nayo ntchitoyo. Kudana ndi chinthu kumafuna mphamvu. Iye anangotopa, kutopa kwa munthu amene wagwira matupi a anthu ena kwa nthawi yaitali mpaka manja ake sakudziwanso kupuma.

Lawi Mwakabanga anakumana naye pa madzi. Mtsinje unali utadzaza msewu, Madalo ataima m'mbali ndi njinga yake ndi bokosi la katemera, ndipo Lawi anabwera ndi ngolo ya ng'ombe n'kumuolotsa osanena zambiri. Sabata yotsatira anapezekanso pamalo omwewo, ngakhale madzi anali ataphwa. Anakwatirana, anabereka mwana wamwamuna, Keith, amene tsopano ali kusekondale yogonera komweko, ndipo Madalo analowa pa khomo la a Stephano Mwakabanga, bambo ake a Lawi, mlimi amene mpunga wake unkadziwika mpaka kumsika wa ku boma.

Pa khomo limeneli mkamwana, kutanthauza mkazi wa mwana, saonana ndi apongozi ake aamuna. Sawayang'ana, sawalankhula, satchula dzina lawo. Akawaona akubwera m'njira amapatuka n'kulowa m'nthochi. M'mabanja ambiri a kuderali mwambowu unafooka kalekale, koma a Mwakabanga anali munthu amene sataya chinthu chifukwa chakuti anzake ataya. Pakati pa nyumba yawo ndi ya Lawi panali mpanda wa bango, ndipo mpandawo unkakonzedwa chaka ndi chaka mosamala kuposa denga.

Ophunzira ena akamva za mwambo umenewu amagwedeza mutu n'kuutcha kupondereza akazi. Ena, amene amadyera pa kuteteza chikhalidwe, amati ndi ulemu wozama umene achinyamata sangaumvetse. Onsewa sanaphikepo pa khomo limenelo. Choona ndi chakuti kwa zaka zambiri mpandawo unkamupumitsa Madalo. Anzake ankadandaula za apongozi olowerera, ofunsa za malipiro, oyeza mchere m'ndiwo. Iye analibe zimenezo. Ankaphika, Tusekile mlongo wake wa Lawi, amene anabwerera pakhomo ukwati utatha, ankanyamula mbale kupita nayo kuseri, ndipo mbale inkabwerako yopanda kanthu. Ubale wawo unali womwewo, ndipo unali wamtendere kuposa maubale ambiri a anthu amene amalankhulana.

Mwayi wa yunivesite unabwera mochedwa, monga mmene mvula yabwino imachitira. Anamutenga m'gulu la anthu akuntchito ofuna kuwonjezera maphunziro. Ankapita kukaphunzira, tchuthi chikafika n'kubwerera ku njinga yake. M'kalasi ankakhala ndi ana a msinkhu wa Keith amene ankamutcha amayi ndi kumubwereka zolembera. Zambiri zimene ankaphunzitsidwa zinali zinthu zimene anaziona kale ndi maso, zitangovekedwa mayina aatali.

Koma tsiku lina m'chaka chachiwiri anawalowetsa m'labotale ya mbewu. Munali mozizira ndi mwa zii. Mphunzitsi anamupatsa kambale ka mpunga wosapuntha, namuonetsa kuuthira m'kamakina koyeza chinyontho. Kamakinako kanaonetsa nambala. Madalo anailemba, nathiramo wina, nailembanso. Anachita zimenezi masana onse, ndipo potuluka anazindikira kuti mapewa ake anali atatsika. Thumba la mpunga sililira ukaligwira. Lilibe mayi woima pambali akukuyang'ana kumaso kuti aone ngati ukubisa chinthu. Likaonongeka umalemba kuti laonongeka, ndipo palibe amene amakuitana ku maliro ake. Sanauze munthu aliyense za tsiku limenelo, chifukwa mlangizi wa zaumoyo sanena poyera kuti wapeza mpumulo pamalo popanda anthu. Anangosunga mumtima kuti mwayi ukadzapezeka adzabwerera m'chipinda chimenecho.

Mwayi unapezeka m'chaka chomwecho chimene shuga wa a Mwakabanga anakula. Anali atawapeza nawo matendawa kalekale kuchipatala cha ku boma, koma tsopano maso anayamba kuchita chifunga, ndipo pansi pa phazi lamanzere panatuluka bala limene silinkapola. Madalo sanalionepo balalo. Ankalidziwa kudzera m'nsalu zimene Tusekile ankachapa ndi kuyanika pa mpanda.

Anali pa tchuthi pamene uthenga wa kusankha unafika. Analakwitsa pouwerenga mokweza Lawi ali pomwepo.

Masana a tsiku lachitatu Lawi anali pansi pa mtengo wa mango akusema goli latsopano. Sanadzutse mutu pofunsa.

"Mwasankha kale, amake Keith?"

"Netiweki ikuvuta."

"Netiweki imeneyi imavuta pa za sukulu zokha? Dzulo munacheza ndi amayi a ku Dowa mpaka foni inatentha."

Madalo anapitiriza kusankha nyemba m'lichero.

"Ine ndauza kale abusa kuti mukaphunzira za shuga," anatero Lawi. "Lamulungu anapempherera."

"Anapempherera kosi imene sindinasankhe?"

"Mulungu sadikira netiweki."

"Bambo a Keith, zimene atate ayenera kudya ndimazidziwa kale. Sizifuna digiri. Mpunga wochepa, nyemba ndi masamba zambiri, tiyi wopanda shuga, mankhwala pa nthawi yake. Ndakhala ndikuzinena kuyambira chaka chatha."

"Ndiye mukakaphunzira mudzazinena bwino."

"Ndidzazinena kwa ndani?"

Lawi anapukusa tchizulo m'manja, nachiyang'ana ngati yankho lalembedwa pa chitsulocho. Sanali munthu wouma mtima. Anali mwana wamwamuna amene ankaona bambo ake akutha, ndipo ankafuna kuti pakhale chinthu chimodzi chimene banja lachita. Mkazi wophunzira za shuga chinali chinthu choti angathe kuuza abale a ku Mwenilondo akafunsa. Maganizo ake anali akuti nzeru ikalowa m'nyumba imafalikira yokha ngati utsi, n'kudutsa m'mipata ya bango.

"Anthu adzati chiyani?" anafunsa pomaliza. "Kuti apongozi akudwala, mkamwana ali ku yunivesite, ndipo wasankha kukaphunzira za anankafumbwe?"

Funso limeneli Madalo iye mwini anali atadzifunsa kale kambirimbiri.

Madzulo a tsiku lomwelo anaphika monga mwa nthawi zonse. M'mbale ya apongozi anaikamo mpunga wongokwana pachikhatho, nyemba zambiri, ndi chigwada. Tusekile anabwera, nayang'ana mbaleyo, nainyamula. Madalo, amene kawirikawiri ankabwerera kukhitchini nthawi yomweyo, tsiku limenelo anaima pafupi ndi mpanda. Kudzera pampata wa bango anaona Tusekile akupatukira kukhitchini kwake, akuvundukula poto, akuwonjezera mpunga zipande ziwiri zodzaza, kenaka n'kusalaza pamwamba ndi chipande kuti pasaoneke msoko.

Pobwera ndi mbale yopanda kanthu Tusekile anapeza Madalo akumudikira.

"Alamu, mpunga uja unabereka m'njira?"

Tusekile sanachite manyazi. Anaika mbale pansi, nakhala pa mtondo wogubuduzika.

"Mwaona eti? Chabwino. Ndinatopa nako kubisa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene munayamba kuwapimira ngati mwana wa kusikelo. Tsiku loyamba ndinapita nayo momwe inalili. Tata anaiyang'ana, n'kundifunsa kuti, kodi mkamwana wanga ndamulakwira chiyani? Ndikanayankha bwanji?"

"Mukanawauza zimene ndinakuuzani."

"Ndinawauza kuti mwapereka moni."

"Alamu."

"Inu mumalankhulira kuseri kwa bango, alamu anga. Maso awo amagwera ine. Munthu amene anadyetsa mpunga maukwati ndi maliro a mudzi wonse uno, ine mwana wake wobwerera ku ukwati ndikaime pamaso pake ndi kunena kuti, tata, lero mudya wa m'manja? Pitani mukaphunzire digiri ina, mubwere nayo, mundipatse ine ndikanene. Mudzaona ngati idzafike."

Ananena mosakwiya, akuchotsa kachitsotso pa chitenje. Madalo anafuna kukalipa koma mphamvu zake sizinafike. Anaganiza za chaka chathunthu cha mbale zopimidwa mosamala, chilichonse pamlingo wake, zonse zikukonzedwanso pakati pa makhitchini awiri. M'mabuku ake munali mutu wonse wonena za kufikitsa uthenga wa zaumoyo kwa anthu. Olemba mutuwo ankaganiza kuti chovuta ndi mtunda, kapena umbuli. Apa mtunda unali wa mpanda umodzi, ndipo panalibe mbuli ndi mmodzi yemwe.

Nkhani sikhala pa khomo la anthu ambiri osafika kwa mwini khomo. M'mawa mwake, dzuwa litakwera pang'ono, Tusekile anabwera kudzanena kuti tata akufuna kulankhula ndi Lawi, ndipo akuti mkazi wake akhale pafupi.

Anakhala motere. A Mwakabanga anali pa mpando wawo wa ndalema mbali ya kwawo, phazi lomangidwa nsalu litasanjikidwa pa chitsa. Madalo anayala mkeka mbali ya kwake, atafulatira mpanda. Lawi anakhala pa khomo la mpandawo, pamene onse awiri ankatha kumuona. Mkuluyo ankalankhula Chinkhonde, chimene Madalo ankachimva chonse. Madalo ankayankha m'Chichewa, chimene mkuluyo anachidziwa Lawi asanabadwe. Onse atatu ankamvana bwinobwino, koma mwambo unkafuna kuti mawu alionse adutse m'kamwa mwa Lawi ngati kuti awiriwo ali kutsidya ndi kutsidya kwa mtsinje wa Songwe.

"Ndamva kuti m'nyumba mwako muli kukangana chifukwa cha ine," anayamba motero a Mwakabanga. "Umufunse mkazi wako. Sukulu imene mukuti akaphunzire ya matenda angayi, akaimaliza ndidzachira?"

"Tata akufunsa ngati kosi ija idzawachiritse," anatero Lawi.

"Muwauze kuti shuga sachira," anayankha Madalo, akuyang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pafupi ndi mkeka. "Amangogona pansi munthu akamadya moyenera ndi kumwa mankhwala."

Lawi anatembenukira kwa bambo ake. "Akuti idzathandiza kwambiri, tata."

"Ine sindinamve zimene wanena mkazi wako, chifukwa sindiyenera kumva," anatero mkuluyo. "Koma sanatero."

Tusekile, amene ankasenda nthochi chapatali, anatsokomola kuti abise kuseka. Lawi anabwereza mawu a mkazi wake monga momwe analili.

"Ehe. Tsopano umufunse za mpunga. Akabwera ndi sukulu imeneyo, adzandiwonjezera kapena adzandichepetsera?"

"Muwauze kuti ndidzachepetsa kuposa pano. Ndi shuga wa m'tiyi ndi wa m'chambiko yemwe."

Lawi anafikitsa mawuwo momwemo.

"Ndiye kuti ndi sukulu yophunzira kundiletsa," anatero a Mwakabanga. "Ondiletsa ndili nawo kale okwanira. Dokotala wa ku boma amandiletsa. Abusa amandiletsa. Phazi ili limandiletsa. Tsopano ndilole mkamwana wanga akakhale chaka chonse kutali ndi nyumba yake kuti adzandiletse m'Chingerezi?"

"Tata, ife timaganiza kuti..."

"Iwe umaganiza kuti anthu adzati chiyani. Unayamba uli mwana. Inayo ndi ya chiyani? Akuti zilipo ziwiri."

Lawi anayankha monyinyirika, ngati munthu amene akuulula ngongole ya mowa. Anati inayo ndi ya mbewu za m'matumba: kudziwa ngati mpunga wauma mokwanira, kuuteteza ku chuku ndi tizilombo, kuuyeza usanapite kumsika.

Mpando wa ndalema unalira. Madalo anadziwa kuti mkuluyo wakhala tsonga.

"Pali sukulu ya zimenezo? Ku yunivesite?"

"Akuti ilipo, tata."

"Chaka cha madzi aakulu chija mpunga wanga unada m'nyumba muno. Tinauyanika, tinautembenuza, tinati wauma. Ogula anabwera, anaununkhiza, n'kukwera galimoto yawo osatsanzika. Ndinaupereka kwa nkhumba za eni ake. Iwe unalipo, unalira ngati mkazi wamasiye. Ndipo lero ukumva kuti pali sukulu ya zimenezo, n'kumuuza mkazi wako kuti akaphunzire za phazi langa?" Anapuma pang'ono. "Phazi ndi langa, ndipita nalo. Mpunga utsala ndi Keith. Umuuze akaphunzire ya mpunga. Ndanena."

Lawi anatembenuka. "Tata akuti..."

"Ndamva," anatero Madalo, kenaka anadzikonza. "Mwandiuza."

Apa wina angayembekezere kuti mtima wake unadumpha. Sunadumphe. Chinthu chimene anachisunga mwakachetechete kwa zaka ziwiri, chinthu chokhacho chimene anachifuna yekha chiyambire kutsika basi ija, chinali chitangoperekedwa kwa iye ngati lamulo, ndiponso pa chifukwa cholakwika. Mkuluyo sankamumasula iye. Ankadzimasula yekha ku mbale yopimidwa. Ndipo Madalo, amene anali atagwira mapazi ambiri a odwala shuga m'midzi ya ku Kaporo, ankadziwa kumene nsalu zoyanikidwa pa mpanda zija zinkalowera.

Mkamwana safunsidwa kuti awonjezere mawu mkulu akati wanena. Iye anawonjezera.

"Bambo a Keith, muwauze atate chinthu chimodzi. Bala limene lili kuphaziko si bala wamba. Akapitiriza kudya monga akudyeramu, ndipo akapanda kupita kuchipatala sabata ino, madokotala adzadula phazilo. Mwina ndi mwendo womwe. Muwauze momwemo."

Mpeni wa Tusekile unaima. Lawi anayang'ana pansi pakati pa mapazi ake. Nkhuku zinapitiriza kupalasa.

"Wati chiyani mkazi wako?" anafunsa a Mwakabanga. Mawu awo anali otsika.

Lawi anayankha osadzutsa mutu.

"Akuti ndaga, tata. Akuthokoza."

Madalo anadikira kuti mkuluyo anenenso kuti sanatero. Anadikira nthawi yaitali. Anamva mpando ukulira pang'onopang'ono pamene munthu ankabwerera kutsamira.

"Umuuze kuti nanenso ndathokoza," anatero a Mwakabanga. "Tusekile, bweretsa tiyi."

Msonkhano unathera pomwepo. Lawi anabwerera ku goli lake ali wopepukidwa ndi wamanyazi nthawi imodzi, ndipo posema ankalankhula zambiri zosafunika: kuti abusa adzamvetsa, kuti ntchito za m'zigayo zikuluzikulu za mpunga n'zabwino, kuti mwina adzamupatsa ofesi ku boma. Madalo anapinda mkeka, natenga foni, nauyamba wa kumsewu waukulu, kumene netiweki imagwira munthu akaima pa mlatho.

Njira yake inkadutsa m'minda imene anali atakolola kale. Ziputu za mpunga zinali mbuu, ng'ombe zikudya m'menemo. Amayi awiri anamupatsa moni, ndipo mmodzi anamuonetsa mwana wakumsana kuti aone zilonda za m'kamwa. Anayang'ana, nanena zoyenera kuchita, napitirira.

Pa mlatho anatsegula tsamba la yunivesite. Linachedwa kutseguka, ndipo pamene linkazungulira iye anayesa kudziweruza mwachilungamo, monga mmene ankachitira ndi mwana wa pa sikelo, osawonjezera ndi osachotsera. Akanasankha ya odwala, akanakhala chaka m'zipinda za chipatala chachikulu, pakati pa mapazi ena ndi impso zina, n'kubwerako ndi mawu olondola kwambiri. Mawu olondola anali nawo kale. Anali atangowanena m'mawa womwewo, momveka, kwa munthu amene anawamva onse, ndipo munthuyo anasankha kuti amve kuthokoza. Panalibe kosi imene ikanasintha zimenezo. Koma ankadziwanso kuti phazi lija likadzadulidwa, padzapezeka wina pa maliro kapena pa chitsime wonena kuti mkamwana wophunzira analipo, koma anapita kukawerenga anankafumbwe. Ndipo masiku ena wonenayo adzakhala iye mwini.

Zonse ziwiri zinali zoona, ndipo kuima pa mlatho sikukanachepetsa china mwa izo. Galimoto ya makala inadutsa, mlatho unanjenjemera. Madalo anakhudza kosi ya mbewu, natsimikiza. Foni inamuuza kuti zatheka. Anaiika m'thumba, naima kanthawi akuyang'ana madzi ochepa amene ankayenda pansi pa mlathowo, akudikira kuti amve chinachake. Chimene anamva ndi kutentha kwa dzuwa pa khosi.

Atafika kunyumba anapeza Lawi akuyesa goli pa ng'ombe imodzi.

"Zatheka?"

"Zatheka. Ndasankha ya mbewu."

"Monga ananenera tata."

"Ayi. Koma muzinena choncho, palibe kanthu." Anakhala pa chitsa, navula nsapato, nakutumula mchenga. "Bambo a Keith, mawu aja simunawafikitse."

"Anamva okha."

"Anamva kwa munthu amene saloledwa kumumva. Choncho sanamve. Ine ndanena zanga zonse, ndipo mwezi wamawa ndikupita kusukulu. Tusekile sangathe, musamukakamize. Mwatsala inu. Ndinu mwana wawo, mulibe mpanda. Mukawauze ndi pakamwa panu za phazi lija, ndipo Lolemba muwakweze galimoto kupita ku boma."

"Adzakalipa."

"Adzakalipa, inde."

Lawi anamasula goli, naliika pansi mosamala kwambiri, ngati chinthu chosweka. Anapukuta manja pa buluku. Anayenda mpaka pa khomo la mpanda, naima pamenepo, dzanja lili pa bango. Kuseri kunkamveka supuni ikuzungulira m'kapu. Madalo sanadzuke kuti aone ngati mwamuna wake walowa. Anakoka lichero la nyemba zimene anasiya dzulo, nayamba kusankha.